Dzina la Kumsana kwa Gitala

Nsaru, 10 Malichi 2024

Iwe Wisdom, mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, kungoti mvula ya chaka chino yatinyenga, chimanga chapserera chili m'chiuno. Fodya yekha ndiye wayesako. Ndakulembera papepala n'kujambula chifukwa mavoisi anga suwamvera mpaka kumapeto, umangoyankha kuti "zoona alongo" ngakhale pamene ndakufunsa funso.

Lamulungu abale tinakhala pansi. Atsibweni a Chikoti anabwera kuchokera ku Kabudula, ndipo tamanga mfundo yakuti chiliza cha abambo tidzavundukule mu Sepitembala, fodya akagulitsidwa. Simenti ndi mwala wolembapo dzina zagwera iwe, usadzati sunamve.

Koma chimene ndakhalira pansi kwenikweni ndi gitala. Ukukumbuka zimene abambo ananena ali kuchipatala, kuti pamaliro pawo tisavutitse abusa, koma tsiku la chiliza gitala yawo yamagetsi ija idzalire, ngakhale nyimbo imodzi yokha. Ndinaitengera kutchalitchi kuti achinyamata a kwaya aiyese pa ampulifaya yawo. Inangopokosera ngati wailesi yosowa siteshoni, kenako zii. Nsambo zina zinaduka kalekale, ndipo akuti vuto lalikulu lili m'mawaya a m'kati.

Iwe si uja umatitumizira zithunzi za magitala opanga wekha Lamulungu lililonse, nthawi imene anzako ali m'tchalitchi? Tiuze chochita, luso lakolo ligwireko ntchito kwanu.

Amayi maso atheratu tsopano, ndipo kuchipatala akuti si ng'ala yoti n'kuchotsa. Masana amakhala pakhonde, gitalayo ataigoneka chafufumimba pamiyendo, n'kumaisisita kumsana. Saimba, salankhula. Nthawi ya chakudya amayamba aitsamiritsa kukhoma, pomwe dzanja lawo lingafike. Ndikukuuza izi kuti udziwe kuti sitikukamba za thabwa wamba.

Ndine mlongo wako,
Mable


Joni, 14 Malichi 2024

Alongo anga a Mable,

Moni nonse kumudziko, amayi muwapatse moni wapadera. Ine ndili bwino, ntchito yopopera penti makabati ikadalipo, mphuno zokha ndizo zikudandaula. Za simenti ndi mwala ndamva, ndipo ulendo uno ndawerenga mpaka kumapeto.

Kutchalitchi ndimapita, kungoti mapemphero a kuno amatha msanga. Ndikabwerako ndimalowa m'galaja ya mwini nyumba, anandipatsa kangodya koikapo benchi, chopopera penti ndi sandipepa wanga. Gitala yomwe ndamaliza posachedwapa thupi lake ndinasema kuchokera ku tebulo lomwe azungu ena anataya pamsewu. Sindigulitsa, musayambe kundiwerengera. Ndimangowapachika pakhoma n'kumawayang'ana, mtima n'kukhala m'malo.

Chonde gitala ya abambo musaipereke kwa okonza mawailesi a pa Nsaru, angaiphe. Thupi lake abambo anasema okha ndi mbawa. Khosi ndi timaginito totola mawu tija anachotsa pa gitala yakufa ya mnzawo wina wochokera ku Halale, ndipo zoterozo masiku ano sizipezeka. Mupatseni Levison, uja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Nsaru ndi kuno, amachoka kumayambiriro kwa mwezi. Ineyo kubwera sindingathe, masiku anatha m'pasipoti, ndikangotuluka basi sindilowanso.

Kodi mukudziwa kuti chibadwire sindinaiimbepo? Tsiku lomwe ndinaitsitsa pamsomali ndili mwana, abambo anandikwapula ndi lamba wa gitala yomweyo, munthu woti sankamenya mwana. Mpaka lero sindimvetsa. Ndiye taonani, lero ikubwera yokha kudzandipempha thandizo.

Mlongo wanu,
Wisdom


Nsaru, 2 Epulo 2024

Wisdom,

Moni. Tonse tilipo, tili mkati mosankha fodya, misana yatha.

Gitala yanyamuka dzulo ndi Levison, koma usaganize kuti inachoka mophweka. Nditawauza amayi anangoikumbatira.

"Ku Joni? Kodi kuno mawaya kulibe?"

Ndinati, "Amayi, akaikonza ndi mwana wanu yemwe, si munthu wachilendo."

"Akakonza chiyani? Ine ndikuiona ili bwinobwino."

Munthu wosaona akakuuza kuti akuona, umasowa poyambira. Ndinawanyengerera masiku angapo, mpaka ndinawakumbutsa kuti awa ndi mawu a malemu, ndipo tsiku la chiliza anthu adzatiseka tikadzaimika gitala yosalankhula. Pamenepo ndi pomwe anagonja. Anaikulunga okha m'bulangete la abambo, n'kumanga ndi chitenje chawo cha Chigwirizano cha amayi a kumpingo. Atatha anandigwira pamkono zolimba n'kunena kuti, "Umuuze akonze mawu okha. Thupi asalikhudze. Lumbira."

Ndinalumbira, Wisdom. Ndinalumbira ine m'malo mwako, dzanja langa lili m'manja mwa amayi.

Ndikubwereza chifukwa ndimakudziwa, uli ndi manja oyabwa. Ndiwe amene unapaka penti yobiriwira mtondo wa amayi kuti uoneke bwino, ufa n'kumanunkha mafuta mwezi wathunthu. Chinthu chikakhala ndi chipsera iwe tulo sugona. Apa ndiye uzigwire. Ulumikize mawaya, uike nsambo zatsopano, uibweze mmene yabwereramo, ndi litsiro lake lomwe.

Ikafika undiuze.

Mable


Joni, 15 Epulo 2024

Alongo,

Moni. Yafika bwino, Levison anainyamula ngati mwana. Auzeni amayi mtima ukhale pansi. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, ndikonza mawu okha.

Nditamasula bulangete fungo la kwathu linadzaza galaja yonse, utsi wa kukhitchini ndi fodya. Ndinakhala kaye pansi. M'kati ndapezamo mazira a mphemvu, dzimbiri, ndi waya mmodzi woduka pomwe abambo anaotcherera ndi chitsulo chotenthetsa pamakala. Si ntchito yaikulu. Timaginito tili moyo, ndinayesa kugogoda ndi sikuludilaiva, tinayankha.

Koma abambo ndi penti, Mulungu awakhululukire. Mbawa yabwino chonchi anaikwirira ndi penti yofiira yopaka zitseko, ndi bulashi yomwe inkasiya ubweya. Pomwe pankatsamira mkono wawo penti inatha, thabwa linada ndi thukuta. Musaope, ndangoyang'ana.

Pali kanthu kena kamene ndikufuna kufunsa. Kumsana kwake, pomwe gitala imakhudza mimba ya woimba, pali zilembo zootcha ndi msomali wamoto. Zinadzaza litsiro, koma nditapukuta ndi kansalu zikuwerengeka bwino: ELIZA. Amayi ndi a Febe. Agogo a kuchimuna anali a Hannah, a kuchikazi simunganditchulire Eliza. Azakhali kulibe wa dzina limeneli. Ndayenda m'mutu mwanga mudzi wonse, sindikumupeza.

Inu mukumudziwa? Ndangofunsa.

Wisdom


Nsaru, 28 Epulo 2024

Wisdom,

Tili bwino, amayi ndinawauza kuti yafika ndipo anadya bwino tsiku limenelo.

Zilembo ukunenazo sindinaziwerengepo. Abambo ali moyo gitala inkakhala pamsomali, msana uli kukhoma, ndipo chimwalirireni pamsanapo pamakhala dzanja la amayi. Ndinkangoona ngati n'zokandika chabe.

Lachinayi tinali pamaliro ku Nambuma, ndiye ndinawakokera pambali atsibweni a Chikoti. Ndinati, "Atsibweni, kodi Eliza ndani?" Nkhope inasintha. Anati, "Wakutuma ndani?" Nditawafotokozera anati, "Zimenezo si za ana, ndiponso si zokamba amuna. Umuuze Wisdom agwire chimene wapatsidwa." Anatenga njinga yawo n'kumapita, chakudya cha pamaliro osadikira.

Amayi sindinawafunse ndipo sindiwafunsa. Magazi awo amakwera ndi nkhani yaing'ono, sindikufuna chiliza chimodzi chisanduke ziwiri. Mwina oimba amatcha zida zawo maina, monga amachitira a minibasi. Mwina linali dzina la nyimbo. Kaya linali chiyani, iwe sunatumidwe kukawerenga. Wati ntchito si yaikulu, ndiye Levison akamabwera mwezi wamawa abwere nayo.

Mable


Nsaru, 23 Juni 2024

Wisdom,

Kodi uli moyo? Makalata anga ndimaona kuti watsegula, koma yankho zii. Levison wabwera n'kubwereranso, wabweranso, manja ali lende. Ndikamufunsa akuti umamuuza kuti penti sinaume. Ndinamuseka, ndinati wasokoneza, imeneyo ndi gitala ina mwa zako zija. Ndinaseka, koma mtima sunaseke nawo.

Simenti inafika, mwala nawonso omanga aulandira, zikomo. Fodya tinagulitsa ku Kanengo. Amayi a Chigwirizano asankha kale nsalu ya tsikulo, achinyamata a kwaya akundifunsa kuti ayamba liti kuphunzira ndi gitalayo. Chatsala ndi iwe. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Sepitembala sali patali.

Amayi akamva galimoto ikuima kumsewu amadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Si Levison ameneyo?" Pakhonde amakhalabe, koma manja alibe pogwira, amangoyendayenda pantchafu. Dzulo anandifunsa kuti, "Paja unalumbira eti?" Ndinati ee. Anati, "Chabwino."

Zithunzi za magitala ako ena ukuikabe pafoni kuti dziko lione. Nditumizire chimodzi cha ya abambo, kutsogolo ndi kumsana, lero lomwe.

Mable


Joni, 18 Ogasiti 2024

Alongo anga a Mable,

Moni. Pepani chifukwa chokhala chete. Gitala ndamupatsa Levison m'mawa uno, ili panjira. Ikulira bwino kuposa kale, mudzamva nokha. Ndadikira dala kuti iyambe yanyamuka ndisanakulembereni, chifukwa ndikudziwa mukanandiletsa.

Thupi ndalikhudza. Ndalikonza lonse.

Musayambe kukalipa musanamve. Yankho la atsibweni lija linandiuza zonse. Munthu wamkulu sathawa chakudya cha pamaliro chifukwa cha dzina la nyimbo. Tonse tikudziwa kuti asanakhale mkulu wa mpingo abambo ankayenda m'maesiteti a ku Kasiya, kuimba m'madansi a kumapeto kwa mwezi, amayi ali okha pakhomo. Eliza ameneyu ndi wa kumeneko, ndipo atsibweni akungobisira mlamu wawo monga amachitira amuna. Tsopano ndamvetsa chimene ndinakwapulidwira ndili mwana. Ankaopa kuti ndiitembenuza.

Taganizani, alongo. Amayi sukulu sanapite nayo patali, maso alibe. Tsiku ndi tsiku akhala pakhonde kusisita dzina la mkazi mnzawo, iwo n'kumati akusisita mwamuna wawo. Nditaganiza zimenezo ndinalira m'galaja muja, kenako ndinapsa mtima. Munthu amene ankatiimika pamzere kuloweza malamulo khumi, iye atapachika chigololo chake pabalaza. Ndiye pa tsiku la chiliza mnyamata wa kwaya adzaitembenuze pamaso pa abusa ndi mudzi wonse, awerenge mokweza? Ine ayi.

Poyamba ndinati ndipale pa dzina pokha. Msomali unalowa kwambiri, sandipepa analephera, ndinachita kupala ndi puleni. Pamenepo panatsala chigamba choyera choonekera patali, ndiye panalibe kuchitira mwina, ndinachotsa penti yonse. Ndinayamba ndi sandipepa wokhakhala, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka wosalala ngati pepala. Alongo, mbawa imene inali pansi pa penti ija simungakhulupirire, mizere yake ikuchita kuwala. Sindinaikenso mtundu uliwonse, ndangopopera vanishi woonekera, kuyanika, kupala ndi madzi, kupoperanso. N'chimene chinandichedwetsa, kuno kukuzizira ndipo vanishi safuna liwiro. Pa magitala onse amene ndagwirapo, iyi ndiye ntchito yanga yabwino koposa.

Lonjezo ndaswa, ndikuvomera. Koma ndaswa pofuna kuteteza amayi. Muwauze kuti penti inkasupuka yokha, ndipo pa tsiku loti nyumba mwazira, anthu avala nsalu zatsopano, gitala sikanakhala yokha yauve. Adzazolowera.

Mlongo wanu,
Wisdom


Nsaru, 19 Ogasiti 2024

Wisdom,

Moni sindikupatsa.

Amayi anapempha chinthu chimodzi. Sanapemphe shuga, sanapemphe foni, anapempha kuti manja ako akhale pansi. Unalonjeza pamaso pa Mulungu, ine ndinalumbira m'manja mwawo, ndipo miyezi yonseyi ndakhala ndikuwauza kuti mwana wanu ndi wokhulupirika, akungodikira nsambo zabwino. Unkawerenga makalata anga uli ndi sandipepa m'manja. Wandisandutsa wabodza kwa mayi anga, ndipo tsopano ukundipatsanso bodza lina loti ndikawauze.

Abambo ukuwaweruza ali m'manda, mboni yako ndi njinga ya atsibweni. Ngakhale zikanakhala zoona, anakupatsa ndani udindo wofufuta? Dzanja linali pamenepo ndi la amayi, osati lako.

Mawa ndikwera kabaza kupita ku Kabudula ndi kalata yakoyi. Ulendo uno atsibweni alankhula, afune asafune.

Mable


Kabudula, 22 Ogasiti 2024

Kwa iwe Wisdom, mwana wa mlongo wanga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ine thupi lilipo, maondo okha ndiwo ayamba kukana njinga.

Mable adafika kuno Lachiwiri maso ali psu, nandiwerengera kalata yako yonse, ndi pomwe wanditcha wobisira achigololo. Ndamva. Tsopano ndilemba zimene mwamuna sayenera kulemba, ndipo wandikakamiza ndiwe.

Mable si woyamba kubadwa kwa amayi ako. Chaka cha 1978, m'dzinja, kudabadwa mwana wamkazi. Adakhala masiku owerengeka, natisiya mchombo usadagwe, asadatuluke m'chikuta. Kapena za kwanu udaziiwala. Mwana wotero sapatsidwa dzina, sakhomeredwa bokosi, ndipo salira maliro ake. Amamutenga amayi achikulire okhaokha kukamugoneka kumphepete kwa manda. Mwamuna sapitako, ndipo safunsa kuti ndi pati. Amayi ako nawonso sadapiteko, adali chigonere. Amene adapita onse adatsogola kale, ndipo malowo palibe akuwadziwa lero.

Abambo ako a Nasoni adalidi ku Kasiya, kuimba pa esiteti, monga wanenera. Uthenga udawapeza mochedwa, adafika zonse zitatha, mwana wawo osamuona nkhope. Adafunsa manda, amayi akuluakulu adawakalipira. Adati mwana wanga ndimutcha dzina, amayiwo adawauza kuti akatero mkazi wawo sadzaonanso mwana.  M'mawa mwake abambo ako adandiitanira kuseri kwa chigafa, adali atakoleza moto, msomali uli momwemo. Gitalayo ndidawagwirira ndine. Atatha kulemba adapita nayo m'nyumba momwe mudagona amayi ako, natseka chitseko. Kudansi sadapitenso mpaka imfa yawo.

Dzina la mwana ameneyo kumpingo kulibe, kuchipatala kulibe, kumanda kulibe. Pa dziko lonse lapansi lidalembedwa pamalo amodzi. Chiliza cha Eliza chidali chimenecho, ndipo iwe wachipala ndi puleni.

Unena kuti udafunsa. Inde udafunsa, ndipo ndidakuyankha kuti ugwire chimene wapatsidwa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ine kwa mlongo wanga sindikanena kanthu, Mable nayenso ndamuletsa. Amene wachita ndiye anene.

Tsibweni wako,
L. Chikoti


Joni, 23 Ogasiti 2024

Alongo,

Ndawerenga kalata ya atsibweni. Kuntchito sindinapite. Levison ndamuimbira kuti abwerere nayo, akuti adutsa kale pa Dedza.

Ndikukupemphani, ikafika musaipereke kaye kwa amayi. Tengani msomali wa mainchesi anayi, muuotche mpaka ufiire, mulembe pomwe panali paja, chapakati pang'ono kumunsi. Zilembo zikuluzikulu, Z wopendekeka. Vanishi apsa n'kununkha koma musaope. Mukatha mupakepo phulusa ndi mafuta ophikira kuti pade. Ine ndikanabwera, koma mukudziwa za pasipoti.

Chonde, alongo. Ndiyankheni.

Wisdom


Nsaru, 16 Sepitembala 2024

Wisdom,

Chiliza tinavundukula Loweruka. Sindinakuyankhe chifukwa ndinalibe mawu abwino.

Msomali ndinauotchadi. Ndinaima nawo kuseri kwa khitchini mpaka unazizira m'manja mwanga. Wafufuta dzanja la abambo, ndiye ukufuna ine ndiikepo langa n'kuwauza amayi kuti ndi la mwamuna wawo? Zala zimene zayenda pamenepo zaka zonsezi sizinganamizidwe ndi phulusa. Ndinaipereka mmene unaitumizira.

Zimene zatsatira uziwerenga m'munsimu. Levison anthu ayamba kumumana katundu pa Nsaru, akuti amasinthanitsa zinthu za eni. Ine amayi sakulandiranso madzi m'manja mwanga. Atsibweni ali chete, inenso ndili chete, tikudikira mwini nkhani. Dzulo anandiitana kuti ndiwalembere kalata, pakuti wolemba wina pakhomo pano palibe. Ndalemba mawu awo onse monga anatulukira, ndi pomwe akundinena ine. Yankho ulembe wekha, ine ndidzangowawerengera.

Mable

Wisdom mwana wanga,

Ndine mayi ako. Uli bwanji kumeneko? Akuti kumazizira, uzivala. Mwala udatumiza uja anthu ayamikira. Ine ndidaupapasa, zilembo zake n'zozama bwino, dzina la abambo ako silifufutika msanga.

Gitala idafika. Anyamata a kwaya adaimba nayo kumanda, abusa omwe adati sadamvepo gitala yolira chotero. Ndi yabwino ndithu, yosalala ngati mbale yadothi ya kusitolo. Koma mwanawe, si ya abambo ako. Ndidangoiika pamiyendo n'kudziwa. Panjira pachitika zosinthana, kaya dala kaya mwangozi, akudziwa ndi Mulungu. Levison ndidamuitana, akulumbira kuti yomwe udamupatsa ndi yomweyi. Ndidamuuza kuti mwana wanga sangatumize chinthu cha eni, adalonjeza. Mable ndikamufunsa amangotuluka panja. Ndiye adandikakamiza kuti ipite, tsopano manyazi amugwira.

Iwe usadandaule, mbali yako udachita, udakonza n'kutumiza. Koma ndikukupempha, ufufuze kumeneko kwa onse amene adatumiza katundu ulendo umenewo. Mwini wa iyi nayenso akuifuna yake. Ndaikulunga bwino ndipo ndaletsa ana kuigwira, kuti tikamabweza asadzapezepo chokandika.

Poizindikira yathuyo uitembenuze. Kumsana kuli dzina. Udaliona pokonza paja, sungalephere kuliona. Sindidakuuzenipo ana inu chifukwa mwambo sunkalola, koma ndakalamba, mwambo undichitanso chiyani. Ameneyo ndi mkulu wanu, Eliza. Ndidamuyamwitsa masiku ochepa. Komwe adamugoneka sindikudziwa, ndidalibe pokamulirira, ndiye abambo ako adandipatsa pamenepo. N'chifukwa chake adati gitala idzafike pa chiliza chawo. Za nyimbo zidali zongokuuzani inu, iwo ankafuna mwana wawo adzaime pamanda pawo pamodzi ndi anzake. Loweruka mudzi wonse udabwera, a ku Nambuma, a ku Kabudula, iye yekha ndiye adasowa.

Ukaipeza usamupatsenso munthu, ngakhale Mable. Ubwere nayo wekha, udzandiike pamiyendo ndi manja ako. Ndidikira. Pa ana anga ndatsala ndi iwe wekha amene sudandinamizepo.

Mayi ako,
Febe Nabanda